Mmene ndinathetsera matope m'khola la ng'ombe ya mkaka

Dzinja lapitali ng'ombe yanga ya Friesian inatupa bere kawiri, mpaka mkaka unabwezedwa kogulitsira. Ine ndinkaganiza kuti vuto ndi kakamidwe. Alangizi a ziweto atabwera anangoloza pansi. Matope osakanikirana ndi ndowe ankamiza ziboda, ndipo ng'ombe inkachezera chiimire posowa pouma pogona.

Ndinayamba ndi denga. Madzi a pamalata ankagwera m'khola momwemo, choncho ndinawonjezera malata n'kukumba ngalande kunja. Kenako tinathira simenti poyenda ng'ombe, motsetsereka pang'ono kuti mkodzo uzitsikira kudzenje la manyowa. Apa mmisiri anafuna kusalaza ngati pabalaza. Ndinakana! Ng'ombe ikaterereka pasimenti imatha kuthyoka mwendo, ndiye tinalemba mizere ndi thabwa simenti isanaume.

Pogona pokha sindinaikepo simenti. Ndinakwezapo ndi dothi lapachulu lotsendera bwino, mamita 1.2 m'lifupi ndi 2.1 m'litali, n'kuyala udzu wouma umene ndimachotsa ukangonyowa. Masiku ano ndikapita kukakama m'mamawa ndimaipeza ili chigonere, ikubzikula, bere lili mbee.