Malamulo ena a Covid-19 anafewetsedwa ku Zambia mu May 2020: zimene anthu anayenela kutsatila

Pa 8 May 2020, Edgar Lungu, amene anali Pulezidenti wa Zambia panthawiyo, analengeza kuti malo ena amene anatsekedwa mu March atsegulidwenso. Izi sizinatanthauze kuti kalombo ka korona kanacoka m'dziko. Kucokela pa 18 March, pamene anthu awili oyamba anapezeka ndi matendawa mu Lusaka, ciwelengelo ca odwala cinali kukwela, ndipo patangopita masiku ocepa cilengezoci citapelekedwa, boma linatseka malile a Nakonde kwa kanthawi cifukwa odwala anaculuka kumeneko. Malo anatsegulidwa kuti anthu agwile nchito ndi kudyetsa mabanja awo, koma aliyense anayenela kudziteteza yekha kuposa kale.

Malesitilanti analoledwa kulandila anthu odyela pomwepo, osati ogula n'kunyamula cabe. Malo ocitila maseŵela olimbitsa thupi, oonetsela mafilimu ndi makasino nawonso anatsegulidwa. Mabala ndi mataveni anakhalabe otseka. Wogulitsa moŵa kuseli kwa nyumba, citseko cakutsogolo cili cokhoma, anali kuphwanya lamulo.

Eni malo onse otsegulidwa anauzidwa kuti aike madzi ndi sopo kapena sanitaiza pakhomo, ndipo wina aime pamenepo kuona kuti wolowa aliyense wasamba m'manja. Beseni limodzi losambilamo anthu onse siliteteza munthu. Madzi akhale oyenda, ocokela pa mpopi kapena mu ndowa ya kampopi. Matebulo ndi mipando zitalikilane mita imodzi kapena kuposapo. Zogwilila zitseko, makauntala ndi matebulo zipukutidwe kaŵilikaŵili ndi madzi a klorini. Wanchito amene akutsokomola kapena watentha thupi asabwele kunchito.

Malo ometela ndi okonzela tsitsi analoledwa kale pa 24 April, pamodzi ndi machalichi. Wometa amagwila mutu wa munthu ali pafupi kwambili, conco malangizo anali akuti onse aŵili avale mask, makina ndi zipeso zitsukidwe wina akacoka pampando, ndipo odikila asadzazane pa benchi imodzi. Kuchalichi, malangizo anali akuti okhala pampando atalikilane, pasakhale kupatsana moni wa m'manja kapena kukumbatilana, ndipo mazenela akhale otsegula. Mipingo ina inasankha kuyamba yadikila, ndipo panalibe colakwa pamenepo. Agogo ndi onse odwala shuga, BP, mtima kapena cifuwa cacikulu analangizidwa kupemphelela kunyumba, pakuti matendawa amawagwila mwamphamvu.

Pa 1 June 2020 masukulu anatsegulidwa kwa ana olemba mayeso okha, a Giredi 7, 9 ndi 12. Ena onse anauzidwa kukhalabe kunyumba mpaka boma litalengeza. Makolo analangizidwa kukonzela mwana mamask aŵili a nsalu kuti imodzi ikacapidwa avale inzake. Ya citenge ndi yokwanila ngati yasokedwa mophatikiza nsalu ziŵili kapena zitatu, ndipo icapidwe ndi sopo tsiku lililonse. Analangizidwanso kumuuza kuti asabwelekane mask, kapu kapena botolo la madzi ndi mnzake, ngakhale akhale wapamtima.

Nkhani ya mask inafunika kubwelezedwa, cifukwa m'misika ndi m'masiteshoni ambili anali kuivala pacibwano, ena anali kuitulutsa m'thumba akaona wapolisi cabe. Kalomboka kamayenda m'timadontho ta malovu totuluka munthu akamatsokomola, kuyetsemula, kuimba ngakhale kukamba, ndipo wina angapatsile anzake iye asanamve kudwala kulikonse. Mask iphimbe mphuno ndi pakamwa pamodzi. Poivula gwilani zingwe za kumakutu, osati kutsogolo kwake, kenako sambani m'manja kwa masekondi 20. Mu minibasi, pamene mita imodzi ndi yosatheka, ivaleni kucokela pokwela mpaka potsika, tsegulani zenela ngakhale kuzizile, ndipo mukapatsa kondakita ndalama musagwile kumaso musanasambe.

Pa maukwati, malilo ndi misonkhano, anthu anayenela kupitiliza kusunga malile a anthu 50 amene anaikidwa mu March 2020. Tidziŵa kuti malilo ndi ovuta kuwakana, koma kugona m'nyumba imodzi anthu ambili usiku wonse ndi njila yofulumila yofalitsila matendawa. Malangizo anali akuti anthu atumize cipepeso, aimbe foni, ndipo kumanda kupite abale apafupi.

Panthawiyo, munthu akatentha thupi, kutsokomola kouma kapena kubanika, anali kuuzidwa kuti asakwele basi kupita ku cipatala. Anayenela kukhala m'cipinda cake, kuvala mask, ndi kuimba nambala yaulele ya 909 kuti a zaumoyo amuuze cocita. Akauzidwa kukhala payekha, masiku ake anali 14, ndipo anayenela kuwatsiliza onse ngakhale akumva bwino. Unduna wa Zaumoyo ndi Zambia National Public Health Institute anali kulengeza za mlili umenewu pa wailesi ndi pa TV. Uthenga wa pa WhatsApp umene sunacokele kumeneko musautumize kwa ena.