Batire silinafe ayi, vuto linali matayala ndi hita

Kagalimoto kanga kamagetsi kali ndi batire la 40 kWh (muyeso wa magetsi amene batire limasunga), kale ndikatchaja full kankayenda pafupifupi makilomita 240 koma nyengo yozizira itangoyamba ndinkangofika 170 basi, mtima unali phaphapha ndikuganiza kuti batire latha ntchito.

Ndinayamba ndi matayala, kuyeza mpweya ndinapeza onse anayi ndi ochepa poyerekeza ndi nambala yolembedwa pa kastika ka pachitseko cha dalaivala. Ndinapopa. Kenako hita, eee iyi ndiye imadya magetsi heavy, poti galimoto yamagetsi ilibe injini yotentha yoti ikupatseni kutentha kwaulere, zonse zimachokera ku batire lomwelo. Pano ndimayatsa hita galimoto ikadali pa chaja m'mawa, mkati mukafunda ndimazula chingwe kenako panjira ndimangodalira hita ya pampando.

Liwironso ndatsitsa, pa msewu waukulu 100 osati 120, mphepo imakukankha kwambiri ukamathamanga.

Pa chaja yachangu ndimasiyira pa 80%, kupitirira pamenepo imatchaja mwaulesi, ungotayapo nthawi. Dzulo ndayenda 215 batire lisanalire.