Sukulu zikatsekedwa ndi mliri, ana ovutika tingawathandize bwanji?

Amene mukufuna kuyambitsa kagulu kothandiza ana, kaya ndi kutchalitchi, kumzikiti kaya pa gulupu ya WhatsApp ya anthu akwanu amene ali ku Joni, onani kaye zimene zinachitika nthawi ya korona. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 matendawo asanapezeke n'komwe m'dziko muno, a Sitandade 8 ndi Folomu 4 anabwerera mu Seputembala, enawo mpaka Okutobala. Miyezi yonseyo mwana wa kwa osauka anasowa zinthu zitatu nthawi imodzi, maphunziro, phala la kusukulu, ndi maso a aphunzitsi amene amaona msanga kuti uyu sali bwino. Nde thandizo lanu lizimutsata mwanayo kunyumba, osadikira kuti geti itsegulidwe.

Yambani ndi mayina, ndipo musalembe nokha. Pitani kwa ahedi, kenako amayi a mother group ndi amfumu, chifukwa amayi amenewa amadziwa khomo limene mwana akulera anzake, limene agogo akusunga adzukulu asanu popanda chochita, limene kuli mwana wolumala amene satuluka. Mukangodalira munthu mmodzi mudzapeza kaundula yense ndi wa pachibale, zimenezo ndiye zosayamba. Mayinawo akawerengedwe pamaso pa komiti ya sukulu, ndipo kagulu kanu mukakalembetse ku ofesi ya social welfare kwa DC kuti pasadzakhale zokayikirana.

Kenako chakudya, mabuku abwere pambuyo. A Mary's Meals, amene anayamba kuphika phala ku Malawi kuno mu 2002 ndi ana 200 okha, sukulu zitatsekedwa sanasiye, anayamba kupereka ufa wa phala kwa makolo kuti azikaphikira ana kunyumba. Inunso chitani chomwecho. Ngati ndalama yogulira Likuni Phala ya m'mapaketi palibe, pangani nokha: magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya, koma soyayo mumukazinge kaye mpaka azinunkhira ngati mtedza, apo ayi phala limamveka chiwisi ndipo ana amalisiya m'kapu. Pitani nazo kuchigayo, ufawo uzizire bwinobwino musanamange m'matumba chifukwa wotentha umachita chinyezi n'kuwonongeka. Ndipo dziwiranitu kuti ufa mwapereka kwa mwana mmodzi udyedwa ndi nyumba yonse, palibe mayi angaphikire mmodzi ena akuyang'ana, nde yezani mowolowa manja ndipo muzipereka pang'onopang'ono, wa masabata awiri kapena mwezi, osati thumba lonse kamodzi, lija limathera pamsika.

Tsiku logawa musaitane mudzi wonse. Itanani makolo okha, m'magulu, awa 8 koloko awa 10 koloko, panja pamthunzi, ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo, malo oima mujambule ndi phulusa pansi motalikirana. Aliyense asaine kapena adinde chala. Zojambula ana atanyamula matumba kuti muponye pa Facebook, ine ndimaona ngati n'kuwachititsa manyazi chabe, amene anapereka ndalama atumizireni malisiti ndi kaundula basi, ndipo ndalama zizidutsa pa Airtel Money kapena Mpamba kuti mameseji azikhala umboni.

Za umoyo musadzipange madokotala. Gwirani ntchito ndi a HSA, alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, iwo ali ndi kalamba kaja koyezera pamkono kuona ngati mwana akunyentchera, ndipo amadziwa kotumiza. Inu gulani sopo, mankhwala othira m'madzi ndi mapaketi a Thanzi, makamaka mliri ukakhala wa kolera ngati mu Januwale 2023 pamene sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira. Funsaninso mwakachetechete ngati ana amene amamwa ma ARV akukatengabe mankhwala, nthawi zambiri vuto limangokhala thiransipoti. Nambala ya Chipatala cha pa Foni muifunse kwa a HSA, muilembe pa thumba lililonse.

Maphunziro, nthawi ya korona ankaulutsa pa wailesi ya MBC, koma wailesi yopanda mabatire ndi chidole. Gulani kawailesi ka sola, ana ochepa azimvera limodzi pakhomo limodzi atakhala patalipatali, wa Folomu 3 kapena 4 aziwathandiza, inu muwonjezere makope ndi mapensulo.

Atsikana ndiye muwaike pamtima kwambiri. Mu 2020 mimba ndi maukwati a ana zinachuluka moopsa, ndipo ambiri sukulu zitatsegulidwa sanabwererenso. Amayi a mother group aziyendera makomo sabata iliyonse, muziwapatsa mapadi ndi sopo oti akasiyire atsikanawo, chifukwa tinthu tating'ono timeneti ndi timene azibambo ena amanyengerera nato ana. Mukamva kuti wina akumukonzera banja imbani 116, ndi yaulere, kapena kanenani ku victim support ya polisi. Malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Sabata yoyamba sukulu zikatsegulidwa tengani kaundula wanu mukafanizire ndi rejisitala ya aphunzitsi, amene sanabwere mumutsatire kwawo sabata yomweyo. Sungani ndalama ina ya yunifolomu ndi zina zofunika kusukulu. Mtsikana amene anabereka naye ali ndi mwayi wobwerera, boma limalola, kungoti makolo ambiri sadziwa, nde mupite nawo limodzi kwa ahedi akalembetse.