Kuonera roketi ikunyamuka muli ku Kasungu: nthawi, bandulo ndi zoyenera kuyang'ana

Roketi yonyamukira ku Florida simungaione ndi maso muli kuno, ngakhale mutakwera pansonga pa phiri la Kasungu. Kunyamukako mumaonera pa foni. Chimene maso amaona ndi zinthu zimene roketiyo yasiya kumwamba, ndipo tifikako.

Anthu ambiri amaphonya chifukwa cha nthawi. Malawi ali patsogolo pa UTC, nthawi imene dziko lonse limayenderapo, ndi maola 2, choncho akalemba 18:00 UTC, kuno ndi 8 koloko usiku. Cape Canaveral ndi Kennedy Space Center, malo onyamukira maroketi ku Florida, zili m'mbuyo mwathu ndi maola 6 kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi maola 7 miyezi yotsalayo, poti iwo amasuntha mawotchi kawiri pachaka. Ku Starbase, ku Texas, kumene kampani ya SpaceX imayesera roketi yake yaikulu ya Starship, onjezani ola lina. Kourou, ku French Guiana, kumene roketi ya ku Ulaya ya Ariane 6 imanyamukira, ili m'mbuyo ndi maola 5 chaka chonse. Chenjerani ndi tsiku: 7 koloko madzulo Lachisanu ku Florida mwezi wa Juni, kuno imakhala 1 koloko usiku wakuchera Loweruka.

Tchajani foni kudakali masana, magetsi sadalirika. Kanema muikeni pa 360p kapena 480p. Manambala amawerengeka bwinobwino, pamene HD imatha kudya GB yoposa imodzi pa ola. Musatsegule msanga, mphindi 10 isanakwane nthawi n'zokwanira. NASA imaonetsa pa YouTube, SpaceX imaonetsa pa X ndi pa tsamba lake. Mukapeza kanema pa YouTube wokhala ndi dzina la SpaceX, akukuuzani kuti mutumize ndalama kapena Bitcoin kuti akubwezereni zochuluka, tsekani pomwepo. Ndi akuba amenewo, amangobwereza kanema wakale.

Falcon 9, roketi ya SpaceX, ndi yabwino kuphunzirirapo poti imauluka kawirikawiri. Gawo lake lapansi lili ndi injini 9 za Merlin, lapamwamba imodzi. Imayendera palafini woyengedwa bwino, wotchedwa RP-1, ndi okosijeni wozizitsidwa mpaka kusanduka madzi. Chifunga choyera chimene chimatuluka m'mbali isananyamuke si utsi ayi. Okosijeni amawira pa madigiri 183 pansi pa ziro, ndiye wina amamutaya, komanso chinyezi cha mumpweya chimaundana chikakhudza thanki yozizirayo. Amayamba kuthira kutatsala mphindi 35. Akayamba, sangadikire nthawi yaitali chifukwa okosijeniyo amafunda, n'chifukwa chake kavuto kakang'ono panthawi imeneyi kamalepheretsa ulendo wa tsikulo.

Ikanyamuka, yang'anani manambala awiri pansi pa kanema: liwiro ndi kutalika. Patangopita mphindi imodzi ndi masekondi ochepa mumva mawu oti Max Q, nthawi imene mpweya ukukankha roketi mwamphamvu kuposa pena paliponse. Injini amazichepetsako mphamvu kuti idutse bwino. Cha pa mphindi 2 ndi theka injini zapansi zimazima, magawo awiri amalekana, injini yapamwamba imayaka. Kenako zigoba ziwiri zophimba katundu zimagwa. Cha pa mphindi 8 kapena 9 gawo lapansi limatera pa chombo panyanja kapena pamtunda.

Kuterako n'kosangalatsa, ndipo kuyambira pamene anakwanitsa koyamba mu Disembala 2015 kwasintha mitengo ya ntchito yonseyi. Koma m'magulu a pa WhatsApp anthu amakuika patsogolo mopitirira. Mwini setilaiti salipira kutera. Iye akufuna gawo lapamwamba lifike pa liwiro la makilomita pafupifupi 27,000 pa ola, cham'mbali, osati cham'mwamba. Kukwera makilomita 200 popanda liwiro limenelo, chinthucho chimagwanso pansi. N'chifukwa chake roketi imapendekeka itangonyamuka, ndipo anthu osadziwa amayesa yasochera. Gawo lapansi likhoza kugwera m'madzi ulendo n'kukhala wopambana. Likhozanso kutera bwino katundu n'kutayika. Musatseke kanema musanamve kuti injini yapamwamba yazima pa nthawi yake.

Akalepheretsa ulendo kunja kukuoneka kuti kwacha bwino, kawirikawiri vuto limakhala mphepo yam'mwamba kwambiri, mitambo yokhala ndi mphamvu ya mphezi, mafunde kumalo otererako, valavu yokanika, kapena boti lolowa m'dera loletsedwa. Za mphezi sachita nazo chibwana kuyambira pamene inamenya roketi ya Apollo 12, yopita ku mwezi, mu 1969. Ulendo wopita ku International Space Station, siteshoni ya mumlengalenga yokhalamo anthu, ulibenso mpata wodikira: akaphonya sekondi yake, n'kudikira tsiku lina.

Tsopano za maso. Siteshoni imeneyi imayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, imazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse, ndipo imadutsa pamwamba pa Malawi. Kuti mudziwe nthawi imene idutse, lowetsani malo anu mu pulogalamu ya pa foni ya NASA ya Spot the Station kapena pa tsamba la Heavens-Above. Imaoneka dzuwa litangolowa kapena mbandakucha, pamene pansi pali mdima koma iyo ikuwalidwabe ndi dzuwa. Kuwala kwake sikuphethira ngati kwa ndege, kulibe phokoso, ndipo imadutsa kwa mphindi zosaposa 6 kapena 7. Ikazimiririka pakati pa thambo, yalowa mumthunzi wa dziko.

Sankhani ulendo umene alemba kuti ikwera madigiri oposa 40. Poyeza, tambasulani dzanja: chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10. Chigwa cha Kasungu n'chosalala, ndiye pabwalo la mpira ku Santhe kapena ku Chamama, kutali ndi mababu, mumaona thambo lonse. Meyi mpaka Julayi ndiyo miyezi yabwino. Pofika Seputembala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba m'munsi mwa thambo. Ma setilaiti a intaneti a SpaceX otchedwa Starlink amaoneka atandandalika ngati mkanda masiku ochepa okha atangoponyedwa, asanakwere n'kubalalika, choncho mukaonera kunyamuka kwawo, yang'anani Heavens-Above madzulo otsatirawo.