Momwe mungasamutsire pulogalamu yanu ku Python yatsopano nthawi isanakuthereni

Python yatsopano imatuluka chaka chilichonse m'mwezi wa Okutobala. Dongosolo limeneli linayamba ndi Python 3.9 ya mu 2020, potsatira chikalata cha PEP 602 (PEP ndi zikalata za malamulo ndi zosintha za Python) chomwe analemba Łukasz Langa. Kale pankadutsa pafupifupi chaka ndi theka mtundu wina usanatuluke. Mtundu uliwonse amausamalira zaka 5, kenako amausiya. Ndiye ngati muli ndi pulogalamu yomwe anthu amadalira, kusamuka sikuthawika. Chomwe mungasankhe n'chakuti musamuke modekha pa nthawi yanu, kapena mothamanga zinthu zitavuta kale.

Dziwani kaye pomwe muli

Lembani `python --version` pa seva yomwe pulogalamuyo ikugwirira ntchito, osati pa laputopu yanu, chifukwa kawirikawiri ziwirizi zimasiyana. Mukadziwa nambala, wonjezerani zaka 5 pa chaka chomwe inatuluka. Python 3.8 anaisiya mu Okutobala 2024, 3.9 mu Okutobala 2025, ndipo tsiku la 3.10 ndi Okutobala 2026. Python 3.13, yomwe inatuluka pa 7 Okutobala 2024, ifika mpaka 2029.

Zaka zisanuzi si zofanana. Kuyambira pa 3.13, zaka ziwiri zoyambirira amakonza zolakwika zamtundu uliwonse, ndipo zokonzazo zimatuluka pafupifupi miyezi iwiri iliyonse. Mitundu ya m'mbuyomo inkapatsidwa miyezi 18 yokha. Zaka zotsalazo amangotseka mipata yomwe akuba angalowerepo, ndipo amatulutsa khodi yokha popanda fayilo yoikira pa Windows kapena macOS. Ambiri sadziwa zimenezi, amaona ngati ali otetezeka pomwe zokonza zatsopanozo sizikufika n'komwe pa kompyuta yawo.

Kalendala ya mtundu watsopano

Mitundu yoyesera yoyambirira, yotchedwa alpha, imayamba mu Okutobala, ndipo pa nthawiyi zinthu zimasinthasintha. Isiyeni pokhapokha ngati mumalemba laibulale, khodi yomwe ena amagwiritsa ntchito m'mapulogalamu awo. Beta yoyamba, mtundu woti anthu onse ayese, imatuluka mu Meyi, ndipo kuyambira pamenepo saonjezeranso zatsopano, amangokonza. Apa ndi pomwe muyenera kuyamba kuyesa. Cha kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti pamabwera release candidate, mtundu wotsala pang'ono kumalizidwa, kenako yeniyeniyo mu Okutobala. Ine pa seva sindiika yongotuluka kumene. Ndimadikira kukonza koyamba, monga 3.13.1 yomwe inabwera mu Disembala 2024, chifukwa pofika nthawiyo malaibulale ambiri amakhala atakonzeka.

Ikani yatsopano pambali pa yakale

Itengeni pa python.org, kapena gwiritsani ntchito zida zoikira Python monga pyenv kapena uv. Python ndi yaulere. Aliyense amene akukulipiritsani kuti muitenge, kapena tsamba lomwe likuti muyambe mwaika kapulogalamu kake kothandizira kutsitsa, lithaweni. Pa Linux musakhudze Python yomwe inabwera ndi makinawo, chifukwa zida zina za Ubuntu ndi Debian zimaidalira, ndipo mukaisintha zimasiya kugwira ntchito. Pangani venv yatsopano, foda yapadera yosungira malaibulale a pulogalamu yanu, ndi `python3.13 -m venv dzina_la_foda`, basi.

Mverani machenjezo mukadali pa yakale

Anthu a Python sachotsa chinthu mwadzidzidzi. Lamulo lawo, PEP 387, limati chinthu chichenjeze kwa mitundu iwiri kapena kuposerapo chisanachotsedwe. Vuto n'lakuti machenjezo ambiri otere amabisika mukapanda kuwapempha. Yendetsani mayeso anu ndi `python -W error::DeprecationWarning`, ndipo chenjezo lililonse lisanduka cholakwika choimitsa pulogalamu. Mwina mukumana ndi `datetime.utcnow()`, yomwe inayamba kuchenjeza pa 3.12. Werenganinso tsamba la What's New la mtundu uliwonse womwe mukudumpha, makamaka gawo la zochotsedwa. Pa 3.12 anachotsa distutils, imp ndi asyncore. Pa 3.13 anachotsa zida zakale 19 potsatira PEP 594, kuphatikizapo cgi, crypt, telnetlib ndi imghdr.

Malaibulale: apa ndi pomwe pali ntchito

Khodi yomwe munalemba nokha sivuta kwenikweni. Chomwe chimagwetsa anthu ndi khodi ya ena yomwe pulogalamu yanu yatsamira.

Posamukira ku 3.12, pa laputopu yanga zonse zinayenda bwino ndipo mayeso onse anadutsa. Kufika pa seva, `pip install`, lamulo loikira malaibulale, inaima pa laibulale ina yomwe dzina lake sindinkalidziwa n'komwe. Panatuluka mizere yofiira yodzaza sikirini, kumapeto kwake kuli mawu akuti wheel, fayilo ya laibulale yokonzeka kuikidwa, yalephera kumangidwa. Ndinafufuza mu requirements.txt, mndandanda wa malaibulale a pulogalamu yanga, dzinalo munalibe. Ndi `pip show`, pa mzere wa Required-by, ndi pomwe ndinaona kuti inkabwera kudzera mu laibulale ina yomwe ndinkapangira malipoti.

Chinachitika n'chotere. Malaibulale ambiri ali ndi mbali yolembedwa m'chilankhulo cha C. Eni ake amaimangiratu n'kuiika pa PyPI, nkhokwe ya malaibulale a Python pa intaneti, ngati fayilo ya wheel, ndipo nthawi zambiri mtundu uliwonse wa Python umafuna wheel yakeyake. Mukayang'ana dzina la fayilo muona cp311 kapena cp312, kutanthauza 3.11 kapena 3.12. Pip ikapanda kupeza wheel yogwirizana ndi Python yanu, siikuuzani kuti palibe. Imatsitsa khodi n'kuyesa kuimanga yokha. Pa laputopu yanga panali compiler, pulogalamu yomangira khodi ya C, ndi zina zonse zofunika, choncho inamanga mwakachetechete ine osadziwa. Pa seva panalibe. Nditaika compiler pa makina oyesera, laibulaleyo inalowa, koma poiyendetsa inafuna distutils, yomwe 3.12 ilibe. Kuonjezera apo, kuyambira pa 3.12 venv yatsopano sibweranso ndi setuptools, yomwe ikanatseka mpata umenewo. Mwini laibulaleyo anali atasiya kuisamalira kalekale.

Choncho musanachite china chilichonse, mu venv yatsopano lembani:

`pip install --only-binary=:all: -r requirements.txt`

Lamuloli limaletsa pip kumanga yokha. Laibulale yopanda wheel imakanika pomwepo, n'kutchula dzina lake. Mudziwa adani anu mukadali pa kompyuta yoyesera. Ena mwa omwe akanike ndi malaibulale a Python yokhayokha omwe sanaikepo wheel, amenewo alibe vuto. Omwe ali ndi C ndiwo muwayang'anitsitse. Ikaninso pipdeptree kuti muone laibulale iti ikukoka inzake.

Mukapeza yotsalira, onani tsiku lomwe inatuluka komaliza komanso ngati eni ake akuyankha anthu. Ngati ali moyo, nthawi zambiri kungokweza nambala ya laibulaleyo kumathetsa nkhani. Ngati anaisiya, pezani ina, ngakhale zitanthauze kulembanso gawo la pulogalamu yanu. Ine ndinachita zimenezo, ndipo ntchitoyo inali yochepa kuposa momwe ndinkaopera. Kuika setuptools kuti distutils ibwerere, kapena legacy-cgi m'malo mwa cgi, kumakupatsani mpata wopumira, koma musakhazikikepo.

Chenjezo lalikulu lili apa. Mukakhala pa mpanipani mupeza munthu pa intaneti akuti wamanga wheel yake, mungotsitsa. Mupezanso pa PyPI phukusi la dzina lofanana ndi lomwe mukufuna, longosiyana chilembo chimodzi kapena loonjezera kamawu kumapeto. Mbava zimagwiritsa ntchito njira imeneyi poba mapasiwedi ndi makiyi a maseva. Mkati mwa wheel muli khodi yomangidwa kale yomwe simungaiwerenge ndi maso. Ngati simukudziwa amene waimanga, isakhudze seva yanu. Aliponso makampani omwe amagulitsa chisamaliro cha Python yomwe inasiyidwa. Ena ndi odalirika, koma ndalama zomwe mungawalipire chaka ndi chaka n'zomwe zikanakusamutsani kamodzi n'kuthana nazo.

Mukapeza vuto, nenani

Beta amaitulutsira anthu ngati ife. Python imapangidwa ndi gulu la anthu, ambiri mwa iwo ongodzipereka. Guido van Rossum, yemwe anaitulutsa koyamba mu 1991, anatula pansi utsogoleri mu 2018, ndipo tsopano zigamulo zikuluzikulu zimachokera ku Steering Council, komiti ya anthu 5 osankhidwa ndi omwe amasamalira khodi ya Python. Mtundu uliwonse uli ndi woyang'anira katulutsidwe kake: Thomas Wouters pa 3.12 ndi 3.13, Hugo van Kemenade pa 3.14. Anthuwa sangayese pulogalamu ya aliyense. Vuto lonenedwa mu Juni likhoza kukonzedwa Okutobala asanafike, pomwe lonenedwa mochedwa limavutitsa anthu ambirimbiri.

Ngati vutolo ndi la Python yeniyeniyo, lilembeni pa GitHub, pa python/cpython, komwe madandaulo anasamukira mu 2022. Fufuzani kaye ngati wina sanalinene kale. Chepetsani khodi ikhale mizere yochepa yoonetsa vutolo, tchulani mtundu wa Python ndi makina anu. Ngati ndi la laibulale, uzani eni ake mwaulemu, pokumbukira kuti ambiri amagwira ntchitoyi madzulo ataweruka kwina, osalipidwa.

Zotsala

Mayeso akadutsa, sinthani nambala ya Python paliponse pomwe munailemba: mu Dockerfile, mu CI (makina oyendetsa mayeso okha mukasintha khodi) ndi pa `requires-python`. Yambani ndi seva imodzi, muziyang'ana ma log. Venv yakale musaifufute mpaka ntchito zonse zomwe zimayenda kamodzi pamwezi zitayenda bwino pa yatsopano. Mu CI onjezerani mzere woyesa beta ya mtundu wotsatira ikangotuluka mu Meyi.