Njira Yoti Woimba Atsate Kuti Adzatsogolere Kwaya ya Nyimbo Zakale

Nyimbo zakale zimene tikunena pano ndi zija zinapekedwa ku Ulaya chisanafike chaka cha 1750, chimene Johann Sebastian Bach anamwalira, kuyambira nyimbo za Chilatini za liwu limodzi zotchedwa za Gregoriyo mpaka za mawu anayi kapena oposerapo za opeka nyimbo monga Palestrina, Victoria ndi anzawo. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene akufuna kudzatsogolera nyimbo zoterezi adziwiretu kuti ntchitoyi imayambira pa benchi la kwaya, pakuti wothamangira kuima kutsogolo asanaimbe pakati pa anzake kwa zaka zingapo amangogwedeza manja, kwaya ikudziyendera yokha. René Jacobs wa ku Belgium, amene anabadwa mu 1946, anayamba kuimba ali mwana m'tchalitchi chachikulu cha ku Ghent, natchuka monga mwamuna woimba liwu lokwera la alito, kenaka n'kukhala wotsogolera wodziwika padziko lonse. Harry Christophers wa ku England, amene anayambitsa kwaya ya The Sixteen mu 1979, nayenso anali woimba wa ku Westminster Abbey.

Poyamba pitani kwa akuluakulu. Usanachitike msonkhano wachiwiri wa ku Vatican wa mabishopu a Katolika, umene unatha mu 1965, Misa inkaimbidwa m'Chilatini ngakhale kwathu kuno, pa mishoni monga Lifidzi ndi Boroma, choncho funsani pa parishi yanu ngati alipo agogo amene akukumbukira Salve Regina kapena Kyrie ya Missa de Angelis. Khalani nawo pansi mwaulemu, muwapemphe kuti akuimbireni, ndipo akalola muwajambule mawu pa foni. Mukatero yerekezani zimene mwamvazo ndi zolembedwa m'buku la Liber Usualis, limene anakonza amonke a ku Solesmes ku France, momwe manotsi ake ndi a ngodya zinayi ndipo amakhala pa mizere inayi m'malo mwa isanu. Mudzaona kuti nyimbozi sizitsata kugunda kwa ng'oma, koma zimayenda monga mmene mawu ake amalankhulidwira, n'chifukwa chake ng'oma ndi visekese zimayamba zapuma, ngakhale kuti pa nyimbo zathu zina n'zofunika kwambiri.

Pa katchulidwe ife tili ndi mwayi, popeza a, e, i, o, u wa Chilatini cha m'tchalitchi amamveka ngati wa Chichewa. Chovuta ndi chizolowezi chathu cholowetsa "i" pakati pa zilembo ndi kumapeto kwa mawu, mpaka Sanctus kumveka Sankitusi, zimene zimawonjezera nyimbo kugunda kumene wopeka sanaikemo. Werengani mawuwo mokweza pamodzi ndi kwaya musanayambe kuwaimba.

Kuwerenga manotsi n'kosathawika. Amene anaphunzira solofa yofala kutsidya la Dedza ndi Ntcheu amadziwa "do" wosuntha malinga ndi kiyi ya nyimbo, pamene ophunzira m'Chipwitikizi amadziwa "dó" wokhala malo amodzi nthawi zonse. Ine ndikuona kuti solofa yosuntha imanola khutu bwino pa nyimbo zakalezi, koma musakhutire nayo yokha, chifukwa mabuku onse amene mudzawafune analembedwa pa mizere.

Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa nyimbo za mawu anayi. Makwaya athu anazolowera kuti soporano azitsogola, ena onse n'kumamuperekeza potchula mawu amodzi nthawi imodzi, koma kwa Palestrina, amene anamwalira mu 1594, liwu lililonse lili ndi nyimbo yakeyake ndipo limalowa pa nthawi yake. Mu Sicut cervus, nyimbo yake ya pa Salimo 42 lonena za nswala yolakalaka madzi, tena amayamba yekha, alito n'kumutsatira ndi kayendedwe komweko, ena n'kulowa pambuyo, ndipo apa ndi pamene woimba wosazolowera amasiya njira yake n'kuthawira kwa mnzake woyandikana naye. Pofuna kuchiza zimenezi, yambani ndi nyimbo yaifupi imene onse akuidziwa ndiponso yolola kuimbidwa motsatizana, gulu lachiwiri kuyamba pamene loyamba lafika pakati. Zikakhazikika, phunzitsani kwaya yonse liwu la tena, kenaka yonse liwu la alito, kuti aliyense adziwe chimene mnzake akuchita, ndipo pomaliza asakanizeni poima, besi ayandikane ndi soporano. Anthu 8 kapena 12 omverana amakwanira, ndipo amaposa khamu la anthu 40 lolimbirana kukweza mawu. Inu mwini musaime kutsogolo kwawo musanathe kuimba mawu onse anayi pamtima, chifukwa alito akasokera mudzamubweza ndi pakamwa panu, osati ndi chala.

Dzanja lanu lichite zochepa. Oimba a nthawi ya Palestrina aliyense ankawerenga liwu lake lokha lolembedwa palokha, lopanda mizere yoimirira yodula nyimbo m'zigawo, ndipo wotsogolera ankangotsitsa ndi kukweza dzanja mofatsa, mofanana ndi kugunda kwa mtima wa munthu wopuma. Mizere yodulayo anaiwonjezera ndi osindikiza a pambuyo pake, choncho musalole kwaya kumenya noti yoyamba ya chigawo chilichonse. Mphamvu igwere pamene liwu la Chilatini likuifuna. Kiyibodi ingopereka noti yoyambira n'kukhala chete, kuti oimba aphunzire kudalira makutu awo. Ngati m'mawa wozizira wa mu Juni ku Ulongué mawu akukana kukwera, tsitsani nyimbo yonse pang'ono, pakuti akalewo analibe mlingo umodzi wa kakweredwe monga umene tikugwiritsa ntchito lero, wakuti noti ya "la" izinjenjemera ka 440 pa sekondi.

Mapepala a nyimbozi amapezeka kwaulere pa intaneti pa masamba otchedwa CPDL ndi IMSLP, ndipo mukhoza kukawasindikiza ku Ulongué kapena ku Tete. Musaiwale opeka a ku Portugal monga Duarte Lobo ndi Manuel Cardoso, amene onse anaphunzira pa tchalitchi chachikulu cha ku Évora. Nyimbo zambiri za dzikolo zinatayika mu 1755 pamene chivomezi cha ku Lisbon chinawononga nyumba ya mabuku a nyimbo imene Mfumu João IV inasonkhanitsa, motero zotsalazo n'zoyenera kuziimba mosamala.

Wofuna kupitiriza maphunziro ayang'ane ku Maputo, kumene Universidade Eduardo Mondlane imaphunzitsa za nyimbo pa Escola de Comunicação e Artes, ndiponso kuli pulojekiti ya Xiquitsi, imene inayamba mu 2013 kuphunzitsa achinyamata zoimbira ndi kwaya. Kunja kuli Schola Cantorum Basiliensis ku Basel, Switzerland, sukulu ya nyimbo zakale imene inatsegulidwa mu 1933. Kulikonse kumene mungagogode adzafuna kumva mmene mumaimbira ndi kuona mmene mumatsogolera, choncho muzijambula ntchito yanu m'kati mwa tchalitchi pa nthawi yopanda phokoso, foni itaikidwa mamita angapo kuchokera pa oimba kuti mawu onse anayi amveke mofanana, ndipo nkhope yanu ndi manja anu zizioneka. Ntchitoyi payokha siifulumira kudyetsa banja, choncho musataye uphunzitsi kapena munda wa mbatatesi pamene kwaya yanu ikukula.