Kusankha wokonza maluwa wodziwa ntchito pa ukwati wa ku Dedza

Makomiti ambiri a ukwati kuno ku Dedza amafika pa nkhani ya maluwa atamaliza kale za chakudya, holo ndi zoimbira, ndipo ntchitoyo amangoisiya m'manja mwa wachibale amene amati ali ndi luso lokongoletsa. Zotsatira zake zimaoneka Loweruka masana. Perekaniperekani asanafike n'pakati pomwe, marozi apathebulo la akwati aweramitsa kale mitu, ndipo diresi ya mkwatibwi yathimbirira ndi zachikasu pachifuwa. Duwa likadulidwa limakhala likadali ndi moyo, limamwa madzi ndiponso limapuma. Ndalama zomwe mumapereka kwa munthu wophunzira ntchitoyi kwenikweni n'zolipira zimene amachita Lachinayi ndi Lachisanu, alendo asanaone kalikonse.

Musamusankhe poona zithunzi za pa WhatsApp zokha. Chithunzi chimajambulidwa maluwa atangoikidwa kumene, ndipo zina zimakhala zongotenga pa intaneti. Mufunseni kuti, "Maluwa akangofika m'manja mwanu, mumayamba ndi chiyani?" Wodziwa ntchito ayamba ndi ndowa. Imatsukidwa ndi Jik mpaka mkati mwake musaterere, chifukwa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaswana m'madzi akuda timatseka timitsempha ta m'phesi, duwa n'kufa ndi ludzu lili m'madzi momwemo. Kenako amasadzula masamba onse amene angamire m'madzi, n'kudula masentimita 2 kapena 3 kumunsi kwa phesi, mopendeketsa, ndi mpeni wakuthwa. Lumo lobuntha limaphwanya phesi m'malo molidula. Akatero maluwawo amakhala m'madzi pamalo ozizira opanda dzuwa kwa maola osachepera 4, makamaka usiku wonse, asanayambe kuwamanga. Amene wakuyankhani kuti amangowawaza madzi, musiyeni.

Mankhwala ogula osungira maluwa akasowa, pa lita imodzi ya madzi amathira masupuni aakulu 2 a madzi a ndimu, supuni yaikulu imodzi ya shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya Jik. Shuga ndiye chakudya cha duwa, ndimu imathandiza madzi kukwera m'phesi, Jik imapha tizilombo. Ambiri amathira shuga yekha, osadziwa kuti akudyetsa tizilombo tija, ndipo m'mawa mwake madzi amakhala atanunkha.

Funso lachiwiri likhale la kanyamulidwe, ndipo apa m'pamene maluwa ambiri amaonongekera. Marozi ndi maluwa ena ogula amachokera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80 pamsewu wa M1. Komiti yofuna kupulumutsa mafuta imawakweza m'galimoto imodzi ndi tomato ndi nthochi zakupsa za paphwando. Zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umakalambitsa duwa msangamsanga, ndipo maluwa otchedwa makaneshoni ndiwo sachedwa n'komwe, amangofumbata osamasulanso. Utsi wa galimoto umachitanso chimodzimodzi. Wophunzira amanyamula maluwa ali chiimire m'ndowa za madzi ochepa, mkati mwa galimoto, osati kumbuyo kwa pikapu padzuwa ndi mphepo. Akafika sawasunga kukhitchini komwe kwaunjikidwa zakudya.

Nyengo ya kuno imafunanso munthu woidziwa. Mu June ndi July Dedza imazizira kwambiri, ndipo maluwa ogula asanamasule amachedwa kutseguka. Marozi amafuna masiku 2 kapena 3, maluwa otchedwa malili amatha kuposa pamenepo, choncho ogula Lachisanu amafika Loweruka akadali otseka. Mu October vuto limatembenuka: duwa logulidwa msanga limamasula mopyola n'kuyamba kuyoyoka. Ngati mwambo uli panja mu August kapena September, mphepo imagwetsa mabotolo aatali opanda cholemetsa pansi.

Muonetsetsenso mmene amanyowetsera siponji yobiriwira yozikamo mapesi a maluwa, yotchedwa Oasis. Imaikidwa pamwamba pa madzi m'beseni n'kuisiya kuti imire yokha, zomwe sizitenga mphindi zambiri. Mukaikankhira pansi ndi dzanja, kunja kumanyowa koma pakati pamatsala pouma, pomwe mapesi amakathera. Phesi likazikidwa silikokedwanso pang'ono kuti duwa litalike, chifukwa pansi pake pamatsala mpata wopanda madzi. Amalizula lonse, kulidulanso, n'kulizika pena. Rozi lomwe lapinda khosi kawirikawiri limakhala kuti mpweya watseka phesi. Likadulidwanso lili m'madzi n'kusiyidwa m'ndowa yakuya kwa ola limodzi kapena awiri, nthawi zambiri limadzuka.

Za diresi ija, wolakwa amakhala mungu wa malili. Wodziwa amathothola timitu tokhala ndi mungu duwa likangotseguka, tisanayambe kufumbuka. Mungu ukagwera pansalu musapukute ndi dzanja kapena kunyowetsa, mungoulowetsa mkati. Unyamuleni ndi selotepi, pang'onopang'ono.

Pokambirana mtengo, musavomere mawu akuti "tidzakongoletsa bwino". Alembe papepala chiwerengero. Mpukutu wozungulira wa maluwa umene mkwatibwi amanyamula umadya marozi pafupifupi 20 mpaka 24, wa operekeza umakwana ndi theka lake. Maluwa apathebulo la alendo asapitirire masentimita 30 kutalika kuti anthu azionana pocheza. Wodziwa amagula oonjezerako pang'ono chifukwa ena amathyoka panjira, ndipo amakuuzani zimenezi poyera. Pepalalo lionetsenso mtundu ndi maonekedwe a maluwa, duwa lolowa m'malo ngati lomwe munagwirizana lasowa, ola lofika kutchalitchi ndi kuholo, komanso mwini mabotolo ndi nsalu mwambo ukatha. Dipoziti mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, sungani uthenga wake.

Thumba likakhala lopepuka, musathamangire kuchotsa katswiriyo. Muuzeni ndalama zomwe zilipo. Wophunzira amadziwa kuika maluwa enieni pomwe maso ndi kamera zimafika, m'manja mwa mkwatibwi, kuguwa ndi pathebulo la akwati, kwinako n'kudzaza ndi masamba a bulugamu kapena a mkungudza omwe kuno sasowa ndipo sachedwa kukongoletsa malo aakulu. Maluwa a kutchalitchi amatha kusamutsidwa kupita kuholo akwati ali kojambulitsa, bola pakhale galimoto ndi anthu awiri osankhidwiratu ntchito imeneyo. Ngati maluwa ena muthyola m'munda wa pakhomo, iye ndiye anene tsiku, ndipo adulidwe m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndowa ya madzi ili pambali pomwepo.